Lendi yakwera chifukwa cha msonkho wa nyumba, koma msewu wathu ulibe ngakhale hampu imodzi

Mayi_wa_Mapasa
Moni nonse a pagulu pano. Ndili ndi nkhani ziwiri zimene m'mutu mwanga zasanduka imodzi, ndipo ndikupempha inu amene mwakhalitsa kuno ku Joni kuti mundiunikire. Ndimakhala ku Rosettenville, m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya munthu, ndipo pabwalo pathu tilipo mabanja asanu ndi limodzi ochita lendi. Kumayambiriro kwa Januwale alandilodi anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti aliyense awonjezere R300 pamwezi chifukwa khonsolo yakweza msonkho wa nyumba. Tinangovomera, poti chipinda masiku ano sichipezeka wamba. Ndiyeno Lachiwiri lapitali galimoto inagunda mwana wa mnzanga pageti pathu penipeni, akuchokera kusukulu limodzi ndi ana anga. Mwanayo ali moyo koma wathyoka mwendo, ndipo nsapato yake imodzi tinakaitola pakhomo pa sitolo ya pakona, kutali ndithu ndi pamene anagwera. Dalaivala sanaime. Msewuwu ndi wotsetsereka, ndipo ambiri amadzera kwathuko pothawa maloboti a mumsewu waukulu. Funso langa ndi ili: ngati ndalama yanga ikukafika kukhonsolo kudzera m'lendi, kodi ndani amene amagamula kuti msewu wakutiwakuti uikidwe mahampu, ndipo ine mlendo ndingathe kukayankhula naye?

Mlonda_wa_Usiku
Pepani mayi, Mulungu amuchize mwanayo. Koma ndinene mosabisa kuti ife sitivota m'dziko muno, ndipo khansala amamvera munthu amene angamuchotse pampando. Mungotaya ndalama ya takisi.

Mlembi_wa_Mpingo
Achimwene a Mlonda_wa_Usiku, mwanena zoona mbali imodzi, koma kuvota ndi kuyankhula ndi zinthu ziwiri zosiyana. Povota pamafunika nzika, zimenezo palibe wotsutsa. Koma lamulo la Municipal Systems Act la chaka cha 2000, limene limafotokoza mmene makhonsolo ayenera kumvera anthu, limatchula anthu okhala m'dera la khonsoloyo ndi olipira msonkho, ndipo mayi athuwa amakhala m'deramo. Mzinda wa Johannesburg uli ndi makhansala 270. Theka lawo, 135, amaimira mawodi, ndipo enawo amalowa malinga ndi mavoti amene chipani chapeza. Amene mukumufuna mayi ndi khansala wa wodi yanu, osati meya. Khansala aliyense wa wodi amakhala wapampando wa komiti ya anthu osapitirira khumi, ndipo amayenera kuitanitsa misonkhano ya anthu a m'deramo. Ine ndakhalapo pamisonkhano yotere kangapo kuno ku Turffontein, m'holo yozizira yokhala ndi mipando yapulasitiki, ndipo pakhomo anangondipatsa pepala lolembapo dzina ndi adiresi. Koma dziwani kuti khansala alibe mphamvu yolamula yekha kuti pathiridwe hampu. Misewu ya mzinda, maloboti, zikwangwani ndi ngalande zili m'manja mwa Johannesburg Roads Agency, imene timangoti JRA. Iwo amatumiza mainjiniya kukaona kuchuluka kwa magalimoto, liwiro lawo, ngozi zimene zinalembedwapo, ndiponso ngati pafupi pali sukulu. Akavomereza, ntchitoyo imadikira ndalama, ndipo ndalamayo imavomerezedwa ndi khonsolo yonse ikakhala pansi ku Braamfontein.

Mlonda_wa_Usiku
Ndiye kuti mwana wina agundidwe kaye kuti mainjiniyawo apeze chowerenga?

Mlembi_wa_Mpingo
Wagundidwa kale, achimwene. Chofunika tsopano ndi chakuti ngoziyo ilembedwe kupolisi ndipo makolo asunge nambala ya mlandu, chifukwa ngozi imene sinalembedwe, kwa injiniya ndi ngati sinachitike.

Mtchona_wa_1998
Ine ndiyankhapo za msonkho, popeza ndili ndi kanyumba kanga ku Roodepoort ndipo bilu ya khonsolo imandipeza mwezi ndi mwezi. Msonkho wa nyumba kuno suyendera kuchuluka kwa anthu okhala pabwalo kapena kukula kwa banja. Umayendera mtengo umene khonsolo yaika panyumbayo, poyerekeza ndalama imene ingagulitsidwe pamsika. Mitengo ya nyumba zonse imalembedwa m'kaundula mmodzi, motsatira lamulo la Municipal Property Rates Act la 2004. Kaundula wina anayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2018, wotsatira wake pa 1 Julayi 2023. Kaundula watsopano akatuluka amakutumizira kalata yokuuza mtengo wa nyumba yako, ndipo amapereka nthawi yoti utsutse ngati ukuona kuti akweza mopitirira. Chimene chinandiwawa ine ndi chakuti ngakhale utsutse, umapitirizabe kulipira pamtengo watsopanowo kufikira nkhani yako itaweruzidwa. Choncho musamaone ngati eni nyumba tonse ndife akuba. Pabilu yomweyo pamabweranso madzi, zimbudzi ndi zinyalala zimene amatola a kampani ya mzinda ya Pikitup, ndipo zonsezi zimakwera chaka ndi chaka.

Wa_Maakaunti
Akulu a Mtchona_wa_1998, palibe wanena kuti ndinu akuba, koma tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa pankhani ya mayiwa pali zinthu ziwiri zosagwirizana. Choyamba ndi mwezi. Chaka cha zachuma cha makhonsolo chimayamba pa 1 Julayi n'kutha pa 30 Juni, ndipo mitengo yatsopano ya msonkho imayamba mu Julayi. Landilodi amene akunena mu Januwale kuti msonkho wangokwera kumene afotokoze bwino, pokhapokha ngati khonsolo yaunikanso nyumba yakeyo payokha chifukwa cha zipinda zimene anamanga kuseri. Chachiwiri ndi kuchuluka kwa ndalama. Panyumba yokhalamo anthu, khonsolo imayamba yachotsa gawo la mtengo limene silikhomeredwa msonkho, limene kuyambira mu 2023 linaikidwa pa R300,000, kenaka chotsalacho amachulukitsa ndi mlingo umene sufika senti imodzi pa randi iliyonse pachaka. Tingoyerekeza kuti ndi senti yathunthu kuti masamu aphweke. Nyumba ya R900,000 ikhomeredwa pa R600,000, ndiye kuti R6,000 pachaka, R500 pamwezi. Mtengo wake utakwera kufika pa R1,100,000, msonkho ungakhale R8,000 pachaka, pafupifupi R667 pamwezi. Kusiyana kwake ndi R167 pabwalo lonse. Tsono mabanja asanu ndi limodzi akawonjezera R300 lililonse, alandilodi akutolera R1,800 yowonjezera mwezi uliwonse. Inayo ikupita kuti?

Mtchona_wa_1998
Masamu anu ndi olondola, mwanawe, koma mwaiwala chinthu chimodzi. Khonsolo ikapeza kuti nyumba yolembedwa ngati ya banja limodzi yasanduka malo ochitira bizinesi ya lendi popanda chilolezo, imatha kuisintha gulu n'kumaikhomera kangapo kuposa nyumba wamba. Zikatero bilu imalumpha zedi. Sindikuikira kumbuyo mnzangayo, ndikungoti musanamuweruze muone pepala.

Wa_Maakaunti
Pamenepo tagwirizana. Mayi, pemphani mwaulemu kuti akuonetseni bilu ya Disembala ndi ya Januwale. Akakana ndipo mukuona kuti mukuponderezedwa, kuli bwalo la Rental Housing Tribunal la chigawo cha Gauteng, limene limamva madandaulo a pakati pa eni nyumba ndi ochita lendi popanda kulipiritsa.

Nachisale_wa_ku_Yeoville
Kupempha bilu n'kosavuta kulemba pano. Tsiku limene ine ndinafunsa funso ngati lomwelo, mwezi usanathe ndinauzidwa kuti chipinda changa akufuna kugonamo mlamu wawo. Ndinasamuka ndi mapoto m'chikwama cha tcheki, mvula ikugwa. Mayi_wa_Mapasa, mukapita kukafunsa musapite nokha, mupite mabanja onse asanu ndi limodzi tsiku limodzi.

Dalaivala_wa_Matola
Ndiloleni ndiyankhule ngati munthu amene amakhala pachiwongolero kuyambira m'bandakucha mpaka usiku. Ndikumva chisoni ndi mwanayo, ndipo dalaivala wothawa atagunda munthu sindimuwerengera m'gulu lathu. Koma mahampu si mankhwala a matenda onse. Amachedwetsa ambulansi ndi galimoto yozimitsa moto, amawononga mashokapu, ndipo usiku m'madera ena achifwamba amabisala pafupi ndi hampu podziwa kuti uyenera kuchepetsa liwiro. Mayi anena okha kuti anthu amadzera kwawoko pothawa maloboti a mumsewu waukulu. Gwero la vuto ndi pamenepo. Maloboti akafa chifukwa mbava zadula mawaya kapena magetsi azima, mzere umatalika mpaka munthu amalowa kanjira kalikonse kamene waona. Mukaika hampu mumsewu wanu, magalimoto asamukira mumsewu wotsatira, kumene kulinso ana a anthu. Lamulo lilipo kale loti m'tauni liwiro lisapitirire makilomita 60 pa ola. Apolisi a mzinda, a JMPD, ataima pamenepo ndi kamera masiku atatu okha, mungaone kusintha.

Nachisale_wa_ku_Yeoville
Apolisi amaweruka, bambo. Hampu siweruka, sipita kutchuthi, ndipo siilandira ya drinki.

Dalaivala_wa_Matola
Ayi, apo mwandigwira, chemwali. Komabe ndikanakonda mukanapempha zonse ziwiri, kukonza maloboti ndi malo owolokera okwera pang'ono pafupi ndi sukulu, m'malo mwa mahampu asanu otsatizana.

Kalipentala_wa_ku_Dedza
Ine ndikuchenjezeni za njira yachidule, chifukwa ndinaiyesa. Kumene ndinkakhala kale tinatopa ndi kudikira, ndipo amuna a mumsewu wathu tinasonkherana, tinagula matumba anayi a simenti ndi mchenga, n'kumanga hampu yathu Loweruka usiku. Inatuluka yaitali ngati mzere wa mbatata, yopanda utoto ndiponso yopanda chikwangwani. Lolemba m'mawa mnyamata wa njinga yamoto wopereka zakudya anaigunda osaiona, anagwa n'kusupuka mkono wonse, ndipo mabokosi a chakudya anamwazika mumsewu. Patapita masiku ochepa anabwera anthu ndi makina n'kuigumula, ndipo tinauzidwa kuti kumanga chilichonse pamsewu wa boma popanda chilolezo ndi mlandu. Simenti inapita, ndalama inapita, ndipo tinatsala pang'ono kupha mwana wa eni. Kumudzi timakumba tokha timigula pamsewu wafumbi galimoto ikapha mbuzi, koma kuno musayese.

Mlembi_wa_Mpingo
Bambo Dalaivala_wa_Matola akumbutsa chinthu chofunika chimene ndinachidumpha. Si msewu uliwonse umene ungaikidwe mahampu. Misewu ikuluikulu yonyamula mabasi ndi magalimoto ambiri saiika, amaika m'misewu ya pakati pa nyumba. Komanso si msewu uliwonse wa mu Johannesburg umene uli wa khonsolo. Misewu ngati N1, N3 ndi N12 ndi ya bungwe la boma lalikulu la SANRAL, ina ili m'manja mwa chigawo cha Gauteng, ndipo yotsalayo ndiyo ya mzinda. Anthu ambiri amalemba kalata yabwino n'kukaiponya pakhomo lolakwika, kenaka amati sanayankhidwe chifukwa ndi alendo. Wa mayiwa, monga aufotokozera, ndi msewu wa pakati pa nyumba, choncho ndi wa mzinda, ndipo Rosettenville ili m'chigawo F mwa zigawo zisanu ndi ziwiri za mzindawu.

Mlonda_wa_Usiku
Zonsezi ndamva, koma tandiuzani khonsolo yake iti imene idzakumbukire kalata ya mayiwa. Chichitikireni chisankho cha Novembala 2021 tinaona a Mpho Phalatse, kenaka a Dada Morero kwa masabata ochepa, a Phalatse kubwereranso, a Thapelo Amad, a Kabelo Gwamanda, mpaka a Morero kulowanso mu Ogasiti 2024. Meya akasintha, amasinthanso makhansala oyang'anira nthambi, kuphatikizapo ya zamtengatenga. Nthawi yosintha dzina la William Nicol Drive kukhala Winnie Mandela Drive anaipeza mu 2023. Koma msewu wa Lilian Ngoyi, umene tonse timautchulabe Bree, utaphulika mu Julayi chaka chomwecho, unakhala wotsekedwa kupitirira chaka pakati penipeni pa tauni. Ngati Bree anadikira chotero, kamsewu ka ku Rosettenville kadzadikira mpaka liti?

Wa_Maakaunti
Achimwene, kusinthasintha kwa mameya kwasokonezadi zambiri, sindikana. Koma kalendala ya bajeti sisintha ndi meya, chifukwa inakhazikitsidwa ndi lamulo la Municipal Finance Management Act la 2003. Meya aliyense amene alipo ayenera kupereka bajeti yongoyerekeza kukhonsolo kutatsala masiku osachepera 90 kuti chaka cha zachuma chiyambe, ndiye kuti Malichi asanathe. Kenaka bajetiyo pamodzi ndi ndondomeko ya chitukuko yotchedwa IDP zimapita kwa anthu kuti aperekepo maganizo, ndipo misonkhano yake imachitika makamaka mu Epulo. Chakumapeto kwa Meyi khonsolo imakhala pansi kuti ivomereze, ndipo pa 1 Julayi zonse zimayamba kugwira ntchito. Pamsonkhano womwewo ndi pamene amavomereza mlingo wa msonkho wa nyumba ndi ndalama za misewu, n'chifukwa chake mayi sanalakwitse pomanga nkhani ziwirizi pamodzi. Chokhacho, msonkho wa bwalo lanu susungidwa padera kuti ukonze msewu wanu. Umalowa m'thumba limodzi limene limalipira misewu, mapaki, malaibulale, zipatala zazing'ono za khonsolo ndi apolisi a mzinda, kuyambira ku Orange Farm mpaka ku Midrand. Amene amafika pamsonkhano ndi pepala m'manja mu Epulo ndiye amamveka. Wodandaula mu Ogasiti amauzidwa kuti adikire chaka chamawa, ndipo pamenepo sakhala atanamizidwa.

Gogo_wa_ku_Nkhotakota
Ana inu mukundikumbutsa kwathu. Kuyambira 2005 mpaka 2014 Malawi anakhala wopanda makhansala, koma misonkho ya m'misika ndi ya nyumba m'mizinda inkatoleredwabe. Amayi ogulitsa tomato ankadula tikiti tsiku lililonse popanda munthu wosankhidwa woti akamufunse za chimbudzi cha mumsika. Mwina n'chifukwa chake ambirife tinazolowera kulipira n'kukhala chete. Tinakula tikudziwa kuti msonkho ndi chinthu chothawa kapena chopirira, osati chofunsira.

Kalipentala_wa_ku_Dedza
Agogo, bambo anga ankasimba za amuna ogona kuthengo amesenjala a msonkho akalowa m'mudzi. Koma tibwerere kwa mayiwa, nthawi ya Malichi yayandikira.

Nachisale_wa_ku_Yeoville
Pali chinthu chimene tonse tikuchizungulira. Kalata yopempha hampu imafuna mayina, maadiresi ndi siginecha za anthu a mumsewumo. Pabwalo la mabanja asanu ndi limodzi, ndi angati amene mapepala awo ali bwino moti angalembe dzina lawo pakalata yopita kuboma mtima uli m'malo? Tisamalangizane ngati tonse tili ndi mapemiti.

Mlembi_wa_Mpingo
Funso limenelo ndi lolemera, chemwali, ndipo sindingauze munthu wamantha kuti asaine. Amene mapepala ake ali bwino asaine, amene akukayika athandize m'njira zina, monga kuwerenga magalimoto kapena kujambula zithunzi. Ndiponso kalatayi isakhale ya Amalawi okha, chifukwa galimoto siyang'ana pasipoti. Mumsewu womwewo muli eni dziko, muli eni nyumba amene mayina awo ali pabilu ya khonsolo, muli mwini sitolo ya pakona amene anaona nsapato ija. Koposa onse, pitani kwa mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya makolo ya pasukulupo. Kalata yokhala ndi chidindo cha sukulu imalemera kuposa mayina makumi asanu. Sukulu ingathenso kupempha kuti ana akuluakulu aphunzitsidwe kuwolotsa anzawo atavala zovala zowala, monga timaonera m'masukulu ena m'mawa, ndipo zimenezi sizidikira bajeti ya Julayi. Mukakapereka kalata, pangani makope awiri, imodzi adinde n'kukubwezerani, ndipo musachoke popanda nambala yolondolera pempho lanu.

Dalaivala_wa_Matola
Ndiwonjezere za mwana wovulalayo. Pamtengo wa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo imene timathira pali gawo lopita ku Road Accident Fund, thumba lothandiza ovulala pangozi za pamsewu. Pamene dalaivala wathawa osadziwika, nthawi yoperekera pempho ndi zaka ziwiri zokha, choncho makolo asunge mapepala onse a kuchipatala ndipo afunse uphungu msanga. Asamale ndi anthu amene amazungulira m'mawodi a chipatala n'kumasainitsa odwala mapepala osawawerengera.

Mlonda_wa_Usiku
Ine maganizo anga sanasinthe, ndikuonabe kuti mudzadikira mpaka mapasawo adzamalize sukulu. Koma ndimaweruka 6 koloko m'mawa ndipo takisi yanga imadutsa chakumeneko. Ngati pakufunika munthu woima pakona ndi kope n'kumalemba magalimoto, ndingathe kuima ola limodzi ndisanakagone.

Mayi_wa_Mapasa
Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Dzulo madzulo tinapita mabanja anayi kwa alandilodi, awiri aja anaopa. Bilu sanationetse, anati ili kwa mwana wawo amene amawalipirira pafoni, koma nkhope inasintha nditatchula kuti msonkho umakwera mu Julayi, ndipo anati tidzakambirane mwezi ukatha. Chodabwitsa n'chakuti nditatchula za hampu anavomera msanga kusaina, chifukwa galimoto ina inagumulapo mpanda wawo zaka zapitazo ndipo anakonza ndi ndalama zawo. Mayi a mwana uja ali ndi nambala ya mlandu, anailemba kuseri kwa khadi la kuchipatala. Kusukulu ndipita Lachisanu ndikaweruka. A Mlonda_wa_Usiku, ana amadutsa pakona paja kuyambira 7 koloko mpaka hafu pasiti, ndipo tiyi mudzamupeza. A Mlembi_wa_Mpingo, kalatayo ndiilembe m'Chingerezi chokha, kapena ndiikenso Chizulu kuti anansi ena awerenge asanasaine?

Mlembi_wa_Mpingo
Lembani m'Chingerezi, tsamba limodzi lokha, ndipo pamwamba pa pepala lililonse la siginecha mubwereze pempholo m'mizere iwiri kuti aliyense aone chimene akusainira. Poyenda khomo ndi khomo mutenge mnansi wolankhula Chizulu kapena Chisutu kuti azifotokoza pakamwa. Mutchule dzina la msewu, misewu iwiri imene yaudutsa kumtunda ndi kumunsi, tsiku la ngozi, nambala ya mlandu ndi zimene a Mlonda_wa_Usiku adzawerenge. Mukamaliza nditumizireni kumbali ndiione musanasindikize.

Kalipentala_wa_ku_Dedza
Ndili ndi tepi yoyezera ya mamita 50. Loweruka ndibwera tidzayeze kuchokera pageti la sukulu kufika pamene mwanayo anagwera, kuti nambala imeneyonso ilowe m'kalatamo.